Mng'alu Kuseri kwa Kabati

Nyumba ikakalamba imatengera mwini wake. Imatsokomola mvula ikagwa, imabuula mphepo ikaomba, koma ukaiuza kuti yadwala imakana kwamtuwagalu.

M'mawa wa Lachisanu umenewo Mzime anataya mabeseni anayi ndi chidebe chimodzi, zonse zodzaza ndi madzi odontha kudenga. Iye ndiye anali wotsiriza kubadwa, ndipo dzina loti Mzime linamukanirira mpaka anthu anaiwala lenilenilo. Mayi ake atamwalira, ndiye anatsala pakhomo ndi bambo ake. Mchimwene wake, amene zinthu zinamuyendera bwino, anali atagamula kale: nyumba yakaleyo igwe, pamalo pomwepo pamangidwe ina yojambulidwa mwapadera, ya masitepe ndi magalasi kuyambira pansi mpaka pamwamba. Pulani yake inali itakhala patebulo mwezi wathunthu. Bambo ankaikapo kapu ya tiyi.

"Bambo, beseni la kuchipinda kwanu lasefukira."

"Ndiye kuti beseni ndi laling'ono," anayankha ali pakhonde, nkhope itabisika m'nyuzipepala. "Ugule lalikulu."

"Kapena tingogula bwato."

"Pakamwa ngati mayi ako."

Mzime anatsamira chitseko. "Mmisiri uja akubwera mawa."

Nyuzipepala inatsika pang'ono. "Wanyundo uja?"

"Ndi mmisiri womanga nyumba, bambo."

"Womanga amayamba ndi kukumba maziko. Ameneyo akuyamba ndi kusasula denga langa. Ndipo usandiyese wakhungu. Tsiku lija anabwera kudzayeza mpanda, mbali imodzi anaiyeza katatu. Mbali yomwe iwe unkayanika zovala."

"Ndiye mwaona kuti ndi munthu wosamala pa ntchito."

"Ndaona kuti munthu wogwetsa nyumba yanga sadzanditchula apongozi. Zatha."

Mzime anapukuta beseni akumwetulira. Liwu loti "zatha" ankalidziwa. Analimva pamene ankafuna kupita kukoleji, analimvanso pamene anameta tsitsi, komanso pamene anabweretsa galu pakhomo. Kukoleji anapita, tsitsi linametedwa, ndipo galuyo nthawi imeneyo anali atagona pamapazi a bambo omwewo.

*

Masana foni inanjenjemera m'thumba mwake. Unali uthenga wa Mmisiri.

"Mkango uli bwanji lero?"

"Wabangula kale kawiri. Akuti ndiwe wanyundo."

"Nyundo ndili nayo, sindikana. Koma mawa ndikubwera ndi tepi yokha."

"Ukufunanso chiyani? Achimwene anasaina kale."

"Achimwene akowo sanaikepo njerwa ngakhale imodzi. Ine sindigwetsa nyumba woimanga asanandiyendetse chipinda ndi chipinda. Ndimaphwasula ndi manja, kuyambira kudenga kutsika. Chitseko chabwino chimakalowa m'nyumba yatsopano."

"Nanga akakana kukuyendetsa?"

"Ndikhala pakhonde mpaka ndimere mizu."

"Sakana. Amenewo undisiyire ine. Iwe ungovala malaya abuluu aja, osati ong'ambika m'khwapa aja."

"M'khwapa mwanga unaonamo liti?"

"Ukuyeza mpanda kachitatu."

Panapita kanthawi, kenako unabwera uthenga wina. "Chinthu chimodzi. Galimoto yanga ili kugalaja. Ndibwera ndi Wamapulani."

Mzime anauyang'ana uthengawo ngati munthu wapeza mwala mu mpunga. Wamapulani anali mng'ono wa mkazi wa achimwene ake, ndipo ndiye anajambula nyumba yatsopanoyo. Anali atagwirapo ntchito ndi Mmisiri panyumba zina ziwiri, ndipo kuchokera pamenepo ankamutchula kuti "mmisiri wanga," ngati anachita kumugula pasitolo.

"Chabwino," analemba.

"Chabwino ameneyo ali ndi minga."

"Usakhale mpando wakutsogolo."

"Ndikhala m'buti, limodzi ndi tayala."

*

Loweruka galimoto yofiira inaima pageti, ndipo Mmisiri anatsikira kutsogolo. Malaya anali abuluu, zimenezo zokha ndiye anamvera. Wamapulani anatuluka ndi nsapato zazitali zomwe zinangotitimira m'matope phazi loyamba.

"Alamu!" anafuula. "Mudakali moyo m'phanga muno?"

"Tidakalipo, alamu. Samalani nsapatozo, matope a kuno sadziwa anthu ophunzira."

"Pepani tachedwa. Tinaima panjira kumwa tiyi. Mmisiri wangayu sagwira ntchito m'mimba muli pululu. Ndimamudziwa ine, shuga masipuni atatu."

"Awiri," anatero Mzime. "Yachitatuyo amangolola chifukwa cha ulemu."

Mmisiri mwadzidzidzi anachita chidwi kwambiri ndi malata a denga.

Apo chitseko chinatseguka. Bambo anatuluka atavala jekete la tsiku lalikulu, ndodo ili m'manja, ndevu zitapesedwa.

"Iwe mnyamata! Ndamva kuti ukukayika zoti nyumba ino ndinamanga ndekha. Akuti woyendetsa basi ngati ine sangaimike makona owongoka chonchi. Wanena zimenezo?"

Mmisiri anayang'ana Mzime. Mzime anali wotanganidwa ndi zikhadabo zake. Bodzalo analiphika m'mawa womwewo pamodzi ndi tiyi, ndipo linali litapsa bwino.

"Bambo, ine ndimakhulupirira ndikaona."

"Ndiye tiye ukaone. Upukute mapazi."

*

Anayamba ndi pabalaza. Bambo ankaloza ndi ndodo, akufotokoza momwe ankaumbira njerwa Loweruka lililonse, mkazi wawo akutunga madzi mwana ali kumsana. Mmisiri sankalankhula zambiri. Ankagogoda khoma ndi chibakera, n'kutchera khutu ngati dokotala womvetsera pachifuwa. Pa chitseko cha pabalaza anaima nthawi yaitali, akusisita thabwa.

"Ichi sichipita kumoto," anatero. "Mitengo yotere inatha."

"Nanga ukuyesa ndinkagula zinyalala?"

M'khitchini Mmisiri anatulutsa tepi, nayeza kuchokera pansi kufika pakamwa pa sinki. Anayang'ana shelefu, nayang'ana zenera.

"Mayi anali aafupi," anatero, akuika dzanja pachifuwa pake. "Ankalekeza apa. Ndipo anali amanzere."

Bambo anatembenukira Mzime. "Wamuuza ndi iwe."

"Sanandiuze, bambo. Sinki iyi mwaitsitsa ndi zala zinayi kuposa masinki onse. Shelefu ili kumanzere. Ndipo zenerali mwaliika pakona penipeni, pomwe womanga aliyense akanakana. Koma munthu ataima apa, manja ali m'madzi, amaona geti."

Bambo anayenda pang'onopang'ono, naima pa sinkiyo, nawerama kuti aone pazenera.

"Ankati akufuna aziona ana akamachokera kusukulu," anatero. "Bodza lenileni. Ankafuna aziona ngati ndikubwera molunjika kapena mokhotakhota."

Anaseka pang'ono. Mzime anali asanamvepo nkhani imeneyo, iye amene anatsuka mbale pa sinki yomweyo zaka makumi awiri, msana ukuwawa.

Wamapulani anatambasula pulani pachitofu. "Zonsezo n'zokoma, koma khitchini yatsopano ili kumbuyo, ndipo muyezo wake ndi womwe akugwiritsa ntchito padziko lonse."

"Dziko lonse silidzaphika muno," anatero Mmisiri. "Mzime, tapinda mkono."

Mzime anapinda. Mmisiri anagwada, naponda nsonga ya tepi ndi bondo, naikoka mpaka pachigongono pake. Zala zake zinali zokhakhala ngati njerwa, koma zinamukhudza mopepuka. Analemba nambala m'kabuku.

Bambo anatsokomola. "Kamodzi kokha, mnyamata. Si mpanda umenewo."

"Ukufuna kusintha pulani yanga chifukwa cha chigongono?" anafunsa Wamapulani.

"Ndikufuna zenera lione geti. Zinazo tikambirana."

Wamapulani anakulunga pulaniyo mwaukali mpaka pepala linalira. Anatuluka foni ili kukhutu, nsapato zikugogoda simenti ngati akukhoma misomali.

Chipinda chomaliza chinali cha bambo. Bedi linali m'mbali mwa khoma lakum'mawa, ndipo kumutu kwake kunali kabati yaikulu ya zovala.

"Tiisunthe kabatiyi, bambo," anatero Mmisiri.

"Kuseri kulibe kanthu. Akangaude okha."

Mzime anapuma mwamphamvu. "Kuli mng'alu, bambo, ndipo mukuudziwa. Kabatiyi kale inali mbali inayo. Milungu itatu yapitayo, inu mutapita kukametetsa, ndinamulowetsa Mmisiri muno."

"M'chipinda mwanga?"

"Chitseko chinali chotsegula, ndipo galu anali mboni."

Mmisiri anafotokoza mofatsa. Tsiku limenelo anamata kagalasi kopyapyala kopingasa mng'aluwo, simenti uku ndi uku. Khoma likakhala kuti linang'aluka kale n'kuima, kagalasi kamakhala kamphumphu. Likakhala kuti likuyendabe, kamasweka.

Bambo anangopatuka.

Kabati inakwekwereza pansi. Mng'aluwo unayambira kudenga mpaka pansi, wokhotakhota ngati mphezi. Kagalasi kanali pawiri, ndipo pakati pa zidutswazo Mmisiri analowetsa chala chake chachikulu osakhudza mbali. Kudzera pamenepo ankaona masamba a mtengo wa panja.

*

"Mzime, kaike madzi a tiyi," anatero bambo atakhala pakhonde.

Mzime anaika ketulo pamoto, nabwerera chonyang'ama kudzaima kuseri kwa chitseko chosapita kumoto chija. Ndani angapite kutali pamene mlandu wake ukuzengedwa?

"Khala apa, mwana wanga," anamva bambo akunena. Wanyundo uja tsopano anali mwana wawo. "Anthu ambiri alowa m'nyumba ino. Ena amaona kudontha, ena amaona utoto wakale. Iwe wekha waona mkazi wanga. Sindikubisira, wandigwira mtima. Ndipo mwana wangayo ndamuona momwe amakuyang'anira. Ndikulakwitsa?"

"Simukulakwitsa, bambo. Ndimamukonda, ndipo ndikufuna kumukwatira."

"Ehe. Wanena ngati mwamuna. Ndiye tamvera. Mwana wanga wamkulu uja samva za ine, koma za iwe amamva. Ukamuuze kuti khomalo likhoza kukonzedwa. Ulimate, uike zitsulo, upake utoto. Nyumba iime. Ukatero, bwera ndi akuluakulu akwanu mwezi wamawa, ndidzawalandira ndi manja awiri."

Mzime anagwira chitseko. Bodza limodzi lokha, laling'ono ngati lomwe iye anaphika m'mawa. Anadzipeza akunong'ona, osadziwa ngati akupempha kuti avomere kapena akane.

"Bambo," anatero Mmisiri, "vuto si khoma. Ndi pansi. Maziko a mbali imeneyo akhala pa dothi lomwe likutsetsereka, ndipo madzi akudutsa kunsi kwake. Ndikamata lero, mvula ino isanathe lidzatseguka, ndipo lidzagwera mkati. Mutu wanu umagona pamenepo."

"Mutu ndi wanga."

"Koma dzanja lomata lidzakhala langa. Ndidzamuyang'ana bwanji Mzime?"

"Ndiye ukukana mwana wanga chifukwa cha khoma?"

"Ndikukana kukukwirirani kuti ndimupeze. Ndikulonjezani zina. Zitseko zonse, mafelemu, sinki ya mayi, njerwa iliyonse yamoyo, ndidzazitsitsa ndi manja anga n'kuzilowetsa m'nyumba yatsopano. Koma kunena kuti iime, ayi."

Mpando unalira. Bambo anali ataimirira.

"Geti ukulidziwa. Unaliyeza."

Ketulo inayamba kuimba m'khitchini, yokhayokha.

*

Mzime anamupeza pageti akukulunga tepi. Wamapulani anali kale m'galimoto, injini ikulira, akudzipaka milomo pagalasi.

"Unamva?" anafunsa Mmisiri.

"Zonse. Ndiwe chitsiru."

"Ndikudziwa."

"Chitsiru chabwino. Ukanavomera, ndikanakukwatira, koma ndikanakhala ndikukuyang'ana ndi diso limodzi moyo wonse."

"Nanga tsopano? Andithamangitsa."

"Wakwata kwa mphezi saopa kung'anima. Ine ndakhala nawo zaka zonsezi. Munthu wowavomera amamuiwala tsiku lomwelo. Wowakanira amagona naye m'mutu sabata yathunthu, kenako amayamba kufunsa kuti kodi uja ali kuti. Ndipatse milungu iwiri."

"Ukulankhula ngati wapambana kale."

"Anakutchula mwana wawo. Achimwene anamaliza sukulu yonse asanamve mawu amenewo."

Hutala inalira kawiri. Wamapulani anatsitsa galasi. "Mmisiri wanga, tiye! Alamu, mutsale bwino. Muyambe kulongedza, nthawi imathamanga."

Ananena akumwetulira, kumwetulira kwa munthu amene wabisa kanthu m'thumba. Mzime anakuona, koma anakutaya. Chikomekome cha mkuyu, anatero mumtima, naweyula dzanja mpaka galimoto inakhota.

*

Dzuwa lisanapendeke kwenikweni, foni inalira. Anali achimwene ake, ndipo sanapereke moni.

"Ika pokweza, bambo amve nawo."

Mzime anaika foni patebulo, pambali pa kapu ya bambo.

"Ndamva zonse," anatero achimwene. "Ndinalemba munthu kuti agwetse nyumba, iye akukagwada m'khitchini kuyeza mlongo wanga. Akusintha pulani, akuchedwetsa ntchito dala kuti azipeza chifukwa chobwerera kumeneko. Ndamuchotsa. Ndamutumizira kale uthenga."

"Achimwene, amene wakuuzaniyo wakuuzaninso za mng'alu?"

"Mng'alu ndiye chifukwa chake sindikudikiranso. Lolemba m'mawa kukubwera katapila, chigalimoto chogumula nyumba. Maola awiri, pansi pali mbee. Inu mubwera kwathu mawa, chipinda chilipo."

"Nanga zitseko? Sinki ya amayi?"

"Mzime, ndikumangirani nyumba yatsopano, iwe ukulirira sinki? Zonsezo zipita pa lole."

Foni inaduka.

Bambo anazunguza kapu yopanda tiyi. Kenako anaimirira osatenga ndodo, nalowa m'khitchini. Mzime anawatsatira. Anawapeza atagwira m'mphepete mwa sinki ndi manja onse awiri.

"Maola awiri," anatero. "Ndinamanga zaka zisanu ndi chimodzi."

"Bambo."

"Chigalimoto chimenecho sichidziwa kuti chitseko n'chiyani. Chidzangoponda." Anapukusa mutu. "Mnyamata uja sananame. Khomalo ndimalimva ndikagona, limalira ngati munthu akukukuta mano. Ngati nyumba ino ikugwa, igwe m'manja mwa munthu woidziwa. Muitane. Abwere mawa kusanatenthe, ndi anthu ake onse. Katapila akadzafika Lolemba, adzapeze denga lili pansi, zitseko zili pambali, ndipo ine ndili pageti. Malo ano adakali m'dzina langa."

Mzime anafuna kuvina pomwepo. Milungu iwiri yomwe anapempha inali itasanduka maola anayi.

"Usamwetulire," anatero bambo osatembenuka. "Ndamuitana ngati mmisiri. Mawu anga aja sanasinthe. Adzatsitsa njerwa yomaliza, ndidzamuthokoza, adzatuluka. Sindingadye mbale imodzi ndi dzanja lomwe lagwetsa nyumba ya mayi ako."

"Ndamva, bambo."

"Wamva chiyani?"

"Kuti ndimuitane."

Anatuluka panja, nakhala pa sitepe ya khonde. Za mbale imodzizo sizinamuopse. Munthu amene adzakhale masiku ambiri padenga, bambo ali pansi kumulangiza ndi ndodo, adzatsika ali mkamwini, afune asafune. Chofunika chinali choti afike mawa. Anaimba foni. Inaitana mpaka kuduka. Anaimbanso, chimodzimodzi. Ndiye analemba.

"Zasintha. Bambo akukufuna mawa m'mamawa ndi anthu ako onse, nyundo ndi makwerero. Lolemba kukubwera katapila, tiyenera kuyamba ife. Za achimwene usade nazo nkhawa. Zinazo undisiyire."

Uthengawo unaonetsa kuti wawerengedwa. Mzime anawongola miyendo, akudikira nthabwala ya mkango.

Yankho linabwera.

"Alamu, ndi ine. Mmisiri wanga waiwala foni m'galimoto mwanga, wosasamala ameneyu, saikiya n'komwe. Musavutike, ndiisunga bwino. Ndidzamupatsa Lolemba madzulo."

Mzime anawerenga kawiri. Sanatukwane, sanalire. Analowa m'nyumba, navala nsapato zoyendera, namanga zingwe zolimba, natenga ambulera kuseri kwa chitseko.

"Ukupita kuti?" anafunsa bambo.

"Kukamutenga."

Anatsegula geti, naponda mumsewu. Mpamene anaima. Ankadziwa masipuni ake a shuga, malaya ake ong'ambika, kukhakhala kwa zala zake. Koma m'milungu yonseyo ya mauthenga ndi nthabwala, sanamufunsepo n'kamodzi komwe kumene amakhala.

Msewu unapita kumanja, unapitanso kumanzere. Kumwamba mitambo inali itayamba kusonkhana.